Yankho kwa bambo a ku Kapata: kuwerengera malata ndi matabwa a denga latsopano

Bambo ena a ku Kapata muno mu Chipata andilembera imelo kuti denga la nyumba yawo ladyeka dzimbiri ndipo likudontha, choncho akufuna kudziwa malata amene agule ndi ndalama zimene akonzekere. Nyumbayo ndi ya mamita 12 m'litali ndi mamita 8 m'lifupi, ndipo denga lake ndi lotsetsereka mbali ziwiri.

Bambo, musawerengere malata poyeza pansi pa nyumba, chifukwa denga limapendekeka komanso limapitirira khoma kuti mvula isamamenye zipupa. Mukasiya theka la mita mbali zonse, kutalika kwa denga kukhala mamita 13. Lata la mtundu wa IBR, lija la mizere yokhala ndi ngodya ngati bokosi, limaphimba mamilimita 686 okha m'lifupi likalumikizidwa ndi linzake, ndiye mukagawa mamita 13 ndi muyeso umenewu mupeza malata 19 mbali imodzi, kutanthauza 38 denga lonse. Ngati kupendekeka kwake ndi madigiri 20, lata lililonse likhala la mamita pafupifupi 4.8. Ndi bwino kuti akudulireni malata athunthu a muyeso umenewu m'malo molumikiza aafupi, popeza kudontha kumakonda kuyambira pa mfundo. Muonjezere mamita 13 a zotsekera pamsonga pa denga, ndi misomali kapena masikuluwu okhala ndi labala. Pa za kukhuthala, ine ndingasankhe lata la mamilimita 0.4 kapena 0.5, lopyapyala kuposa pamenepo ndi lotchipa m'sitolo, koma limaphwanyika mmisiri akangolipondapo.

Komabe ndalama zambiri zosayembekezereka zimabisala m'matabwa. Musanagule lata ngakhale limodzi, kalipentala akwere ndi kugogoda thabwa lililonse la phaso, chifukwa chiswe chimadya mkati n'kusiya khungu looneka labwinobwino. Matabwa opingasa amene malata amakhomedwapo, aja a mainchesi 2 by 3, akatalikirana pafupifupi mamita 1.2 akhala mizere isanu mbali iliyonse, yomwe ndi mamita 130 onse pamodzi. Akhale ouma, opakidwa mankhwala a chiswe, ndipo phaso limangiriridwe kukhoma ndi waya wolimba, pakuti mphepo ya mvula yoyamba imasasula madenga chaka ndi chaka kuno kum'mawa. Ngati pa denga lakalelo pali mbali ina ya asibesitosi, isaswedwe kapena kuchekedwa, chifukwa fumbi lake limawononga mapapo.

Mitengo imasintha ndi mphamvu ya kwacha, choncho tengani miyeso iyi ku masitolo atatu a ku Down Shops, dera la malonda muno mu Chipata, ndipo aliyense akulembereni mtengo wa mita imodzi ndi kukhuthala kwa lata lake. Muikepo ndalama yonyamulira, malipiro a mmisiri amene mwapangana musanayambe, kuphatikizapo kusasula denga lakale, ndi gawo limodzi mwa magawo khumi a ndalama zonsezi loti likhale padera. Ntchitoyi ithe mwezi wa Okutobala usanathe, mvula isanakupezeni nyumba ili pamtetete.