Funsani Akatswiri: Katagi ka Pachipewa Kamandilondola Mpaka Kunyumba?

Funso: Ndimagwira ntchito pa fakitale ya mankhwala ku Germiston, kufupi ndi Johannesburg. Atimatira timatagi, tizipangizo totulutsa siginolo, pa zipewa zolimba, akuti azidziwa pamene tili. Kodi kamandilondola mpaka kunyumba? Nanga bwanji kompyuta imandionetsa ndili kosungira katundu pamene ine ndili pa matanki?

Yankho: Achimwene, mtima m'malo, kunyumba sikafika. Kameneka si GPS, chifukwa siginolo ya setilaiti imavutika kudutsa malata ndi konkire. Katagi kamatulutsa siginolo yofooka ya wailesi, ndipo timabokosi tokhomedwa m'makoma ndi kudenga ndi timene timaimva. Mukatuluka pageti, palibenso choimva.

Zophonya malo zimatengera mtundu. Ka Bluetooth, ka 2.4 GHz, kamangoyerekeza mtunda poona mphamvu ya siginolo, moti kuphonya ndi mamita angapo si zachilendo. Ka UWB, mtundu wina wa siginolo ya wailesi, kamayeza nthawi imene siginolo yatenga panjira, ndipo pamalo poyera kamalondola mpaka masentimita 10 kapena 30. Koma pamafunika timabokosi tosachepera 3 tokumvani nthawi imodzi.

Pa matanki ndiye pagona vuto. Chitsulo chimabweza siginolo, ndiye m'malo moyenda molunjika imayamba yagunda thanki, kenako paipi, n'kufika mochedwa. Kompyuta imawerenga njira yokhotakhotayo ngati mtunda weniweni. Madzi ndi thupi la munthu nazonso zimameza siginolo, n'chifukwa chake katagi kamakhala pachipewa osati m'thumba. Auzeni akapitawo malo enieni amene ikuphonya. Kawirikawiri akawonjezera kabokosi kapena kukakweza, zimatheka.

Chimene tikukupemphani kwambiri ndi ichi: musasiye katagi mu lokala, ndipo musasinthane ndi mnzanu. Gasi akatuluka, opulumutsa amayang'ana kaye pa sikirini, ndipo angathe kulowa mu utsi kukafuna munthu amene ali panja, mnzanu wokomoka ali kwina. Musakatsegulenso kuti musinthe batire nokha. Mukaona chizindikiro cha Ex, ndiye kuti anakapanga mwapadera kuti kasathethetse moto pamalo a gasi, ndipo mukakaswa chitetezocho chatha. Chigoba chikang'aluka, kabwezeni tsiku lomwelo.

Ngati mukukayika kuti mabwana akuwerenga nthawi imene mwakhala kuchimbudzi, lamulo la POPIA, loteteza zinsinsi za anthu kuno ku South Africa, limene makampani onse anayenera kuyamba kulitsata pofika 1 July 2021, limakupatsani ufulu wodziwa zimene akusunga zokhudza inu ndi cholinga chake. Funsani ku ofesi ya antchito, ndipo pemphani kuti akuyankheni polemba.