Alamu, za bedi la chitsulo mu Hilux muja

Alamu, mwaswera bwanji kumeneko? Ife taswera bwino. Ndati ndingoyankhula, kulemba zonsezi zala zingatope. Ena muli pagulu pano mupirire, uthengawu ndi wautali ndithu.

Mwafunsa ngati ndingakuwotcherereni bedi la chitsulo kumbuyo kwa Hilux yanu ija, lokhala ndi madilowa pansi, kuti mukamapita kunyanja kapena ku Nyika ndi achemwali muzigona m'galimoto momwemo. Mwatinso mukufuna chitsulo chokhuthala kwambiri kuti likhale lolimba. Kupanga tipanga, si ntchito yoopsa. Koma pa chitsulo chokhuthalacho ndiye ayi, ndikukanizani, ndipo mumva chifukwa chake.

Tiyambe ndi tepi kaye. Yanuyo ndi double cab, eti? Bodi yake m'litali ndi mamita 1.5, kungopitirira pang'ono chabe. Inuyo msinkhu wanu ukudutsa 1.7. Ndiye mukatseka chitseko cha kumbuyo simukwanamo, mugona mutapinda mawondo usiku wonse, kukacha msana uli wowawa. Anthu amaona zithunzi pa YouTube za azungu atatambalala bwinobwino, osadziwa kuti magalimoto ambiri amenewo ali ndi bodi yaitali. Single cab ndiye bodi yake imadutsa mamita 2, munthu amagona mowongoka. Tsono kwa inu njira yake ndi iyi: kumapeto kwa bedilo tiika thabwa lina la masentimita 45 kapena 50 pa mahinjesi. Poyenda limapindikira pamwamba, mukafika mumatsitsa chitseko cha kumbuyo, thabwalo n'kulitambasulira pamenepo, lili ndi timiyendo take tiwiri. Basi mwapeza pafupifupi mamita 2. Koma dziwani kuti ndiye kuti mukugona kumbuyo kuli kotsekula, choncho pafunika lona wosokedwa bwino wokhala ndi neti, apo ayi udzudzu wa ku Senga Bay ukakumalizani. Osoka matenti ndi mipando ku Mchesi kuno amasoka zimenezo.

Chachiwiri, ndipo apa ndi pamene ambiri amalakwitsa, ndi msinkhu wa bedilo. Munthu akamva za madilowa amafuna akuya, oti mulowe ndowa yathunthu. Koma kuchokera pansi pa bodi kufika kudenga la kanopi sipakwana bwino ngakhale mita imodzi. Mukakweza bedi masentimita 45, kuikapo thabwa, kuikapo matiresi, mphuno yanu ikhala ikununkhiza denga. Kutembenuka kuvuta, kuvala buluku kuvuta, ndipo achemwali ndikuwadziwa, malo opanikiza sagonamo. Ine ndimati bedi lingodutsa pang'ono pamwamba pa zitunda za matayala zija zotukuka mkati mwa bodi. Masentimita 28, akachuluka 30. Matiresi a mainchesi 4 akwana, osati aja okhuthala a kuchipinda. Pamenepo mutsala ndi malo oti mutha kutsamira chigongono n'kumwa tiyi.

Tsopano chitsulo chija. Ife owotcherera tinazolowera mageti, ndiye dzanja limathamangira chitsulo cholemera, kasitomala nayenso akachinyamula n'kumva kulemera mtima umakhala pansi. Koma geti limaima malo amodzi moyo wake wonse, pamene bedi ili muziyenda nalo kulikonse, mafuta ake ogula ndinu. Tiwerengere limodzi. Square tube, chubu chija cha makona anayi, ya mamilimita 40 kwa 40, yokhuthala mamilimita 3, mita imodzi imalemera kupitirira makilogalamu 3. Ya 25 kwa 25, yokhuthala 1.6, mita imodzi ndi kilogalamu imodzi ndi kapang'ono, ndiye mtanda wonse wa mamita 6 umangokwana makilogalamu 7. Mwaona kusiyana kwake? Katatu. Ndipo ya 25 imeneyo anthu awiri imawanyamula popanda kudandaula, bola tiike mitanda yopingasa pafupipafupi, masentimita 40 aliwonse, ndi mzere wa miyendo pakati pamene pakulekanira madilowa. Chimalimbitsa felemu ndi kamangidwe, osati kunenepa kwa chitsulo.

Mwina muti Hilux imanyamula tani imodzi, vuto lili pati? Eya, pafupifupi tani, koma tani imeneyo akuwerengera ndi anthu omwe, kanopi, zonse. Muikepo zigubu ziwiri za madzi za malita 20, amenewo ndi makilogalamu 40 kale. Ufa, mapoto, silinda ya gasi, mipando, bokosi la masipanala. Mukadzafika pa msewu wa fumbi uja wochoka ku Rumphi kudzera ku Bolero mpaka pa geti la Thazima, masipuling'i ndi mashoko ndi amene adzakuuzeni zoona. Ine cholinga changa n'chakuti zonse pamodzi, felemu, matabwa ndi madilowa, zisadutse makilogalamu 80. Aluminiyamu ndi wopepuka kwambiri, inde, koma ndi wodula ndipo makina athu owotcherera ndi ndodowa samugwira bwino, amafuna makina ake. Akakuthyokerani ku Rumphi musowa wokulumikizirani, pamene chitsulo wamba pa trading centre iliyonse yokhala ndi magetsi mupeza mnyamata wokuwotchererani.

China chimene ndikufuna mumve bwino, ndipo amalume ngati mukumvera mundivomereze. Galimoto imeneyi si ya kunyanja kokha. Mwezi wa May ikatuta chimanga kumudzi, November ikanyamula feteleza, kukagwa zovuta ndi yomweyo imanyamula nkhuni ndi mipando. Ndiye bedili silikhala lowotcherera ku bodi, ayi ndithu. Tipanga zigawo ziwiri, chakumanzere ndi chakumanja, chilichonse ndi dilowa lake, zolumikizana pakati ndi mabawuti. Anthu awiri azitha kutsitsa mphindi zochepa n'kuziimika kukhonde. Zimathandizanso kuti tsiku lina mukapita nokha mutha kuika chigawo chimodzi, mbali inayo n'kuikako njinga kapena matumba.

Koma chochotseka sindiye kuti chongokhazika. Chinthu cha makilogalamu 80, kuphatikiza katundu wa m'madilowa, mukaponda mabuleki mwadzidzidzi pa Khwekhwerere paja potsikira ku Golomoti chimathamangira kutsogolo ndi mphamvu yoopsa. Tichimanga malo anayi. Ngati bodi yanu ili ndi ngowe zomangirira katundu mkati, tigwiritsa zimenezo ndi ma turnbuckle, tizitsulo tija tokungira mwa kupotokola, osaboola chilichonse. Zikakhala kuti palibe, tiboola, mabawuti a mamilimita 10, mawashala aakulu kunsi, manati aja okhala ndi pulasitiki mkati amene samasuka ndi kugwedera. Ndipo tisanaboole ndilowa kunsi ndi tochi, chifukwa pansi pa bodi pali thanki ya mafuta, mapaipi a mabuleki ndi mawaya. Pansi pa mwendo uliwonse tiika kachidutswa ka mphira ya chubu chakale, kuti chitsulo chisamadye penti ya bodi komanso chisamalire njira yonse.

Eee, madilowa tsopano. Apa ndichedwapo pang'ono chifukwa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Pakati pa zitunda za matayala pali malo pafupifupi mita imodzi ndi masentimita 10, ndiye madilowa awiri a masentimita 50 m'lifupi akwana, m'litali 130 kapena kuposerapo pang'ono. Musagule tinjanji tija ta madilowa a kukhitchini, alamu, ngakhale wogulitsa akuuzeni kuti ndi tolimba. Tinapangidwira masipuni ndi mbale. Fumbi likalowa mu timipira take timauma, ndipo dilowa lalitali chonchi mukalikoka lonse lili ndi katundu timapindika. Alipo a heavy duty okhala ndi loko, abwino kwambiri mukawapeza, koma ndi odula. Njira yathu ya kuno ndi mabelingi. Timagula a nambala 6201, aja otseka ndi mphira mbali zonse ziwiri, amapezeka m'mashopu a zipangizo za njinga zamoto ndi ku Biwi. Bowo lake ndi mamilimita 12, ndiye bawuti ya 12 imalowa ndendende. Timawamanga pa felemu mzere wapansi, ena awiri pamwamba chakukhomo kuti dilowa lisagwe mphuno mukalitulutsa, ndiye m'mbali mwa dilowa timawotcherera kachubu koyenda pakati pawo. Mukalikankha ndi chala chimodzi limangoti seee. Belingi imodzi ikafa mumasula bawuti, kuika ina, nkhani yatha.

Pali kanthu kakang'ono kamene munthu sakaona mpaka tsiku loyesa. Mukatsitsa chitseko cha kumbuyo, yang'anani bwino, nthawi zambiri sichikhala mulingo umodzi ndi pansi pa bodi, chimakhala chokwererako pang'ono, makamaka ngati chili ndi pulasitiki uja wotchinga. Komanso pakhomo pa bodi pamakhala popanikiza kuposa mkati chifukwa cha nsanamira za m'makona. Mukapanga dilowa lokhudza pansi, likatuluka masentimita 10 limagunda chitseko, basi lakana. Ndiye timalikweza masentimita 2 kapena 3 kuchokera pansi, ndipo poyeza m'lifupi timayezera pakhomo, osati mkati. Dilowa lililonse likhale ndi zinthu ziwiri: chokolowekera kuti lisamasewere mukamayenda, ndi choimitsa kumapeto kuti mukaima pokwera lisatuluke lonse n'kugwera mwana pa mapazi. Malo otsala m'mbali, kutsogolo ndi kumbuyo kwa zitunda zija, tiika tizivundikiro totsekula pamwamba. Mmenemo ndi mwa jeke, chingwe chokokera, pampu ndi nsapato. Zolemera monga madzi zikhale kutsogolo, kufupi ndi kebini, osati kumchira.

Kuwotcherera kwenikweni sikuchitikira m'galimoto. Tidula katoni potengera mmene bodi ilili, timanga felemu pansi, kungodontheza timadontho m'makona, kukayesa, kutsitsanso, kuyeza kona ndi kona mopingasa kuti ifanane, kenako n'kuwotcherera zenizeni. Chubu cha 1.6 chimabooka msanga, chimafuna ndodo za 2.5 ndi moto wochepa, ndipo umawotcha uku pang'ono, uko pang'ono, chifukwa ukakhazikika mbali imodzi felemu imakhota ndi kutentha ndiye madilowa amayamba kugwira. Magalimoto a masiku ano ali ndi kompyuta, moto wa makina ukhoza kuipsereza, n'chifukwa chake sindifuna ndodo iyandikire bodi. Tikatha titseka kukamwa kwa machubu onse, kupala, kupaka red oxide, penti ija yoletsa dzimbiri, kawiri kenako penti yakuda. Chinyezi cha kunyanja dzimbiri sichichedwa nalo.

Pamwamba plywood ya mamilimita 12 ikwana chifukwa mitanda ili pafupipafupi. Block board ayi, ikanyowa imafufuma n'kusupuka. Tiboola timabowo apo ndi apo kuti matiresi azipuma, chifukwa anthu awiri akagona m'kanopi kumacha pansi pa matiresi pali thukuta. Timata kapeti wopyapyala, makona onse tiwazungulitse ndi galayinda kuti asang'ambe zovala kapena mwendo wa munthu usiku. Matiresi tiwadulitse zidutswa zitatu kwa opanga masofa, kuti thabwa lopinda lija lizipindika nawo.

Fumbi lokha musadzandinene. Pikapu imakoka fumbi kudzera m'mipata ya chitseko cha kumbuyo, ndiye timata mphira m'mbali monse, koma ufa, shuga ndi zovala muziika m'mabigiri otseka musanaike m'dilowa. Ndipo mukagona m'malo a nyama, chakudya chonunkhira ngati malalanje ndi nthochi chisakhale kunsi kwa mutu wanu kumbuyo kuli kotsekula. Ku Kasungu njovu zinawonjezeka chisamutsireni zija 263 kuchokera ku Liwonde mu 2022, ndiye muzigona pamalo pamene oyang'anira akulozerani ndi kumvera zimene akuuzani.

Ichi chokha ndiye ndikupemphani ndi mtima wonse, inu ndi achemwali. Ku Chelinda ndi pamwamba, kupitirira mamita 2,000, June ndi July kumagwa chisanu choti udzu umacha utayera. Mudzazizidwa, ndipo maganizo adzabwera akuti tilowetse mbaula pang'ono tifundirepo. Musadzayerekeze. Makala akamanyeka pamalo otseka amatulutsa mpweya wa carbon monoxide, sununkha, suoneka, munthu amangomva tulo tokoma osadzukanso. Chimodzimodzi kuliza injini usiku muli kumbuyoko, utsi umalowera m'mipata yomweyo ya fumbi. Tengani mabulangete okwanira, zipewa, botolo la madzi otentha kumapazi, ndipo kawindo kamodzi ka kanopi kazikhala kotsekula pang'ono nthawi zonse. Silinda ya gasi isalowe m'dilowa, gasi akadontha amatsikira pansi n'kudzaza mmenemo. Iziima chilili, yomangidwa, ndipo pogona muziitulutsa panja. Ana nawonso asamakwere pabedipo galimoto ikuyenda, palibe lamba pamenepo, akhale m'kebini.

Ndiye tichite chonchi. Loweruka m'mawa bwerani nayo galimotoyo kanopi ili pomwepo, musaichotse, tiyezere limodzi. Achemwali abwere nawo, alowe agone pa katoni tione ngati msinkhu wa 28 uwakwanira. Mutengenso poto wamkulu amene muziyenda naye, silinda ndi chigubu chimodzi, chifukwa kuya kwa dilowa tiyezera zimenezo. Tikatha kuyeza tidutsa ku Malangalanga kukaona machubu ndi plywood, mugule nokha ndi dzanja lanu, ine ndingokusankhirani zosakhota. Magetsi akakhala kuti sakuvuta, sabata imodzi yatikwanira. Moni kwa ana.