Mphatso za Khirisimasi ku Leeds, ndi mafoni ochokera kumudzi

Mayi wina amene amakhala ku Leeds, ku Britain, ndipo amagwira ntchito yosamalira okalamba anditumizira imelo sabata yatha. Dzina lawo sinditchula, koma mawu awo ndi awa: "Ana anga awiri, wina wa zaka 9 wina wa zaka 13, alemba kale zimene akufuna pa Khirisimasi. Wamkuluyo akuti akufuna foni yatsopano poti anzake onse kusukulu ali nazo. Kumudzi ku Ntcheu nako mafoni sakutha, aliyense akuti tikumbukireni. Chaka chatha ndinalowa m'ngongole mpaka Epulo. Kodi ndikakana ndiye kuti ndine mayi woipa? Nanga Khirisimasi imene tinakula nayo ija ndingawalawitse bwanji ana obadwira kunowa?"

Achemwali, simuli mayi woipa. Munthu amene amagwira mashifiti a usiku, n'kumadzuka masana kuwerengera ndalama kuti zikwanire nyumba ziwiri, ya ku Leeds ndi ya ku Ntcheu, sangakhale wouma mtima. Chimene chikukupanikizanicho chili ndi eni ake, ndipo anachikonza dala.

Taganizirani tsiku la Black Friday, tsiku lotsitsa mitengo m'masitolo, limene masiku ano limatsegulira nyengo yogula zinthu ku Britain. Tsikuli kwawo n'ku America, ndipo limadza mawa lake la chikondwerero chawo cha Thanksgiving, chimene anthu a ku Britain sachita n'komwe. Kampani yogulitsa katundu pa intaneti ya Amazon ndiyo inalibweretsa kuno mu 2010, golosale yaikulu ya Asda n'kulilowetsa m'masitolo mu 2013, ndipo pofika 2014 anthu anali kulimbirana mawailesi akanema mpaka apolisi kuitanidwa. Ku America komweko, mu 1939, mwezi wa Novembala unali ndi masiku a Lachinayi asanu, ndiye eni masitolo anadandaula kuti masiku ogulitsa katundu wa Khirisimasi achepa. Pulezidenti Franklin Roosevelt anawamvera, n'kusuntha Thanksgiving kuti ichitike sabata imodzi msanga. Onani, tsiku la dziko lonse linasunthidwa chifukwa cha malonda. Mphoyo ya mphuno yofiira ija imene ana anu amaimba kusukulu, Rudolph, inapekedwa chaka chomwecho ndi wolemba zotsatsa malonda wa sitolo ya Montgomery Ward ku Chicago. Nkhope ya Father Christmas imene tonse timaidziwa, wonenepa, wamasaya ofiira, inafalikira kwambiri kudzera m'zithunzi zotsatsa Coca-Cola zimene Haddon Sundblom anayamba kujambula mu 1931. Pomwe munthu weniweni amene nkhaniyi inachokera kwa iye, Nicholas, anali bishopu wa ku Myra, dera limene lero lili ku Turkey, m'zaka za m'ma 300, ndipo amakumbukiridwa chifukwa chothandiza osauka mobisa, osafuna kuti adziwike.

Sindikunena izi kuti mudane ndi masitolo. Nawonso akusaka ndalama, ndipo ambiri mwa abale athu amapeza maganyu m'nyumba zosungira katundu nyengo yomweyi. Ndikungofuna kuti mukamamva mtima ukukutsutsani mutaona kanema wotsatsa malonda wa sitolo ya John Lewis, wa mwana akutsegula bokosi maso ali gwa, mudziwe kuti pali anthu amene analipidwa miyezi yambiri kuti mtima wanu umve choncho. Ndipo potuluka pa kanemayo makampani angongole a Klarna ndi Clearpay akukudikirani, akuti tengani lero mulipira pang'onopang'ono. Kwathu ngongole yokoma poitenga n'kumawawa poibweza timaidziwa bwino, n'chifukwa chake katapila timamuopa. Izi zingakhale zopanda chiwongola dzanja poyamba, koma mukatenga zinayi kapena zisanu nthawi imodzi, malipiro a Januwale amatha musanawagwire. Epulo amene mwanenayo amafika choncho.

Tsono za Khirisimasi imene tinakula nayo. Tiyeni tiikumbukire bwino, osaikometsera. Nafenso tinkagula. Mphatso yaikulu inali chovala chatsopano, kaya chosokedwa ndi telala wa pakhonde la sitolo, kaya chosankhidwa pakaunjika. Diresiyo inkasungidwa m'sutikesi pansi pa bedi, ndipo usiku wa pa 24 amayi ankaisita ndi simbi ya makala, akuuzira phulusa kuti lisadetse kolala. M'mawa tiyi wamkaka ndi buledi, kenako kutchalitchi kudutsa m'matope nsapato zili m'manja, pobwera mpunga ndi nkhuku, Fanta m'botolo kapena Sobo wosungunula m'ndowa kuti akwanire ana onse a pamudzi. Ndalama zinkapita ndithu. Koma onani zimene zinkagulidwazo. Chovalacho mwana ankavala chaka chonse mpaka kusiyira mng'ono wake. Chakudyacho sichinkadyedwa chitseko chili chotseka, mbale zinkayenda kuchoka khomo ili kupita khomo ilo, ndipo mlendo wongodutsa ankapatsidwa madzi osamba m'manja. Panalibe mwana amene ankakhala pansi kulemba mndandanda wa zofuna zake. Makolo ndiwo ankayang'ana mwana n'kuona kuti nsapato zamuthina.

Apa m'pamene pagona nkhani yonse kwa ine. Mphatso yeniyeni imachokera pomudziwa munthu. Wopereka amakhala atakuyang'ana, atakumvetsera, n'kuona chimene chikusoweka kapena chimene chingakusangalatse. Mndandanda umene sitolo imaphunzitsa ana kulemba umatembenuza zimenezi: mwana amaitanitsa, kholo limalipira. Katswiri wina wa zachuma wa ku America, Joel Waldfogel, anafufuza nkhaniyi mu 1993 n'kupeza kuti olandira mphatso amaziona zotsika mtengo kuyerekeza ndi ndalama zimene wogula anawononga, ndipo kusiyanako kunkakula wopereka akakhala woti samudziwa bwino wolandirayo. Umboni wina muuona nokha pa 27 Disembala mumsewu wanu: mabini odzaza makatoni ndi mapepala okulungira mpaka zivindikiro kukanika kutsekeka, ndi mizere ya anthu m'masitolo obweza zimene analandira dzana.

Ndiye ana anuwo muchite nawo bwanji? Khalani nawo pansi tsopano, Disembala asanafike pakati, ndipo muwauze chilungamo. Mwana wa zaka 13 si khanda. Muuzeni ndalama imene mwaika padera ya mphatso za aliyense, muitchule ndithu, ndipo mumuuze chifukwa chake: lendi, magetsi ndi gasi wa nyengo yozizirayi, ndi agogo ake ku Ntcheu. Akhumudwa, mwina atseka chitseko cha kuchipinda mwamphamvu. Musaope zimenezo. Koma musamunyozenso kuti ana a kuno ndi osayamika, kapena kumuuza kuti inu pa msinkhu wake munalibe nsapato. Kwa iye kusukulu n'kumene kuli dziko lake lonse, ndipo manyazi obwerera mu Januwale anzake akuonetsana zatsopano ndi enieni. Mumvereni zimenezo kaye. Ngati foni ikufunikadi, pali zogwiritsidwapo kale ntchito zimene amazikonzanso n'kuzigulitsa motchipa, kapena mungagwirizane kuti mphatso ya Khirisimasi ndi ya tsiku lake lobadwa ziphatikizane, iyenso aikepo kangachepe kake. Chinthu chimene mwana wachidikira ndi kuchisonkhera amachisamala.

Wamng'onoyo n'ngosavuta. Chinthu chimodzi chimene wakhala akuchitchula kuyambira kalekale, osati chimene wachiona pa YouTube dzulo, ndi chovala chatsopano monga mwa mwambo wathu. Basi.

Ndipo onse awiri muwapatse ntchito yopereka. Apa ndi pamene makolo ambiri a kuno timaphonya: ana athu amakula akudziwa kulandira kokha. Aliyense apatsidwe ndalama yochepa kuti asankhire mbale wake mphatso, ndipo asankhe okha. Alembere agogo kalata, kapena ajambule uthenga wa mawu pa WhatsApp m'Chichewa chawo chothyokathyokacho, agogo akausunga ndi kumvetsa mudzi wonse. Tsiku lenilenilo wamkulu adule anyezi ndi tomato, wamng'ono atsuke mpunga. Muitane munthu mmodzi kapena awiri amene alibe kopita, kaya wophunzira wa kwathu amene wangofika kumene, kaya mnzanu wa kuntchito amene banja lake lili kutali. Pa 25 Disembala ku Britain masitolo amatseka, mabasi ndi sitima pafupifupi zonse siziyenda, kunja kumada cha m'ma 4 koloko, ndipo munthu amene ali yekha m'chipinda tsiku limenelo amasungulumwa koopsa. Ana anu akaona mlendo akudya nkhuku ya amayi awo n'kumaseka, ndiye kuti alawa Khirisimasi ya ku Ntcheu imene mukuifunsayo.

Za kumudzi ndi zimene zili zolemera, ndipo sindikufuna kuzipeputsa. Abale athu sakunama akamati zinthu zavuta. Kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo ya zinthu inakwera osabwereranso. Disembala kwathu ndi mwezi wa mvula, wopalira, wothira feteleza wobereketsa. Nkhokwe zambiri zimakhala zayamba kupepuka, kutsogolo kuli Januwale ndi Febuluwale, miyezi ya njala, ndipo teremu yachiwiri imatsegulira mu Januwale momwemo, fizi ikufunika. Choncho foni ikalira kuti "tikumbukireni pa Khirisimasi", nthawi zambiri pansi pake pali thumba la Urea kapena fizi ya mwana wa achimwene.

Malangizo anga ndi akuti musiyanitse zinthu ziwirizi. Thandizo likhale thandizo: feteleza wa amayi, fizi ya mwana amene munalonjeza kumuphunzitsa. Zimenezi zili ndi nthawi yake, ndipo feteleza sadikira pa 25, chimanga chikafika pofuna chakudya chafika. Tumizani msanga, ndipo ngati n'kotheka lipirani mwachindunji kusukulu kapena kwa wogulitsa. Khirisimasi ikhale payokha: ndalama imodzi, yopita kwa munthu mmodzi wokhulupirika pa Airtel Money kapena Mpamba, yogulira mpunga, nkhuku, shuga ndi zakumwa kuti banja lonse lidyere pamodzi pakhomo pa amayi. Mukayamba kutumizira aliyense payekhapayekha, ndalama yotumizira imakudyani kangapo, ndipo amene walandira zochepa amakwiya kuposa amene sanalandire. Muwauze onse pagulu la WhatsApp la banja, mwaulemu koma momveka, kuti chaka chino mwakwanitsa izi. Ena adzang'ung'udza kuti a ku UK ayamba kudzimva. Asiyeni. Iwo sadziwa kuti paundi imene ikuoneka yambiri ikasinthidwa ija mwaipeza mukunyamula nkhalamba kuchoka pabedi 3 koloko ya usiku. Kupatsa n'kuika, inde, koma makolo amene ananena mawuwa ankapatsa kuchokera m'nkhokwe mwawo, osati m'ngongole.

Kanthu kenanso: ngati kutchalitchi kapena kugulu la amayi kuli masikireti, ndipo kuntchito kulinso Secret Santa, simukukakamizidwa kulowa zonse. Sankhani chimodzi, ndipo limbikirani kuti gulu ligwirizane mtengo umene aliyense angakwanitse. Mwambo umenewu umayenera kukhala njira yochepetsera ndalama, kuti munthu agulire mmodzi m'malo mogulira onse, koma m'magulu ena wasanduka mpikisano umene amayi amalira nawo.

Chaka chamawa yambani kuika padera kangachepe mwezi uliwonse kuyambira Febuluwale, monga amachitira amayi a banki mkhonde amene ambiri amagawana ndalama zawo kumapeto kwa chaka. Za chaka chino, tengani pepala usiku uno ana akagona, mulembe ndalama imene muli nayo m'manja mutachotsa lendi ndi mabilu a Januwale, ndipo muigawe patatu: ya ana, ya chakudya cha pakhomo panu, ya ku Ntcheu. Mukakambirana ndi wamkuluyo mundilemberenso, ndimve kuti wati chiyani.