Ndigule ma disiki ati oti zithunzi zanga zisafe? Yankho kwa mayi amene anandilembera

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mayi wina, ndipo funso lawo ndaona kuti likukhudza anthu ambiri ndiye ndati ndingoyankhira pagulu. Mwachidule akuti ali ndi zithunzi za ana awo kuyambira ali makanda, mavidiyo angapo, mapepala ofunika omwe anawajambula pa sikana, komanso mawu a malemu bambo awo omwe anawatepa pa foni, zonse pamodzi ngati 60GB. Hard drive yomwe amasungiramo inayamba kulira mwachilendo, mwamwayi anapulumutsa zonse, ndiye pano akufuna azibene pa ma disiki. Funso lawo ndi ili: "Ndigule ma CD kapena ma DVD a kampani iti oti akhale zaka 20 kaya 30 osawonongeka? Ndamva kuti ena amafufutika okha, ndi zoona zimenezi?"

Mayi, ndi zoona. Amafufutika okha ali phee mu kabati, popanda owakhudza. Ine ndinaziona ndi maso angawa. Cha m'ma 2007 ndinagula ma DVD aja obwera 50 atasanjikizana pa kamtengo ka pulasitiki, otchipa zedi, dzina la kampani sinditchula, ndinabena zithunzi zanga zonse nkusunga mtima uli m'malo. Patapita zaka zingapo ndati ndione chithunzi china, ndalowetsa disiki, drive yangoyamba kuzungulira, kuima, kuzunguliranso, ngati galimoto yokana kulira. Itatsegula, zithunzi zoyambirira zinali bhobho koma za kumapeto zimatuluka theka, mutu wa munthu ukuoneka koma kuyambira pachifuwa kutsika mmusi kuli bii. Ndaitulutsa kuiyang'ana pa kuwala, palibe pokandika olo pamodzi, kungoti m'mphepete mwake mtundu unali utasintha ngati pepala lomwe linanyowapo nkuuma. Mwa ma disiki onse aja ena amawerengeka bwinobwino mpaka lero, ena anapita. Kuchokera nthawi imeneyo ndinasiya kukhulupirira dzina lolembedwa pa bokosi.

Chifukwa chake nchakuti disiki yobena nokha ndi yosiyana ndi CD ya nyimbo yochokera ku fakitale. Ya ku fakitale amachita kudinda timaenje mu pulasitiki mwenimwenimo. Pomwe yobena nokha, yotchedwa CD-R kapena DVD-R, ili ndi utoto wopyapyala kwambiri mkati, laser ya drive imawotcha timadontho mu utotowo ndiye timadonthoto ndiye mafayilo anuwo. Kuseri kwa utoto kuli kachitsulo konyezimira, kawirikawiri siliva, nthawi zina golide, kobweza kuwala kuti drive iwerenge. Ndiye utoto ngati utoto wina uliwonse umasuluka ndi dzuwa ndi kutentha, ndipo siliva akalowedwa mpweya ndi chinyezi amada. Zikatero timadontho tija sitionekanso bwino, basi fayilo yapita.

Utotowo ulipo wa mitundu itatu pa ma CD-R. Pali cyanine, womwe ndi wakale kwambiri, unayamba ndi kampani ya ku Japan ya Taiyo Yuden yomwe inapanga CD-R yoyamba mu 1988, pali azo wa Mitsubishi womwe umapezeka mu ma disiki ena a kampani ya Verbatim, kenako phthalocyanine, dzina lovuta kutchula koma ndi womwe umapirira kuwala ndi kutentha kuposa anzakewo. A Canadian Conservation Institute, omwe ntchito yawo ndi yosamala zinthu zakale, atayesa ma disiki osiyanasiyana anaika pamwamba penipeni CD-R ya phthalocyanine yokhala ndi golide, akuti itha kudutsa zaka 100. Ma DVD okhala ndi magawo awiri olembapo mkati, olowa 8.5GB, anawaika kumunsi, zaka 5 mpaka 10 basi. Manambala amenewa musawatenge ngati lonjezo, amawapeza poika ma disiki mu chipinda chotentha ndi chachinyezi kwa masabata angapo nkuwerengera kutsogolo, palibe amene anakhala zaka 100 akudikira CD. Koma amatiuza bwino kuti wolimba ndi uti, wofooka ndi uti.

Tsopano pa funso lanu lakuti kampani iti, apa ndi pomwe anthu ambiri timapusitsika. Mayina omwe mumawaona pa mabokosi alipo ambirimbiri koma mafakitale opanga ma disiki ndi owerengeka, akuluakulu omwe atsala ndi CMC Magnetics ndi Ritek, onse a ku Taiwan. Kampani yadzina imangooda ku fakitale nkudindapo dzina lake, ndiye chaka chino itha kuoda kwa uyu chaka chamawa kwa uja, bokosi lomwelo, mtundu womwewo, koma zamkati zosiyana. Kale anthu odziwa zinthu ankangoti gula Taiyo Yuden basi, nkhani yatha. Koma Taiyo Yuden anasiya kupanga ma disiki kumapeto kwa 2015, luso lawo anatenga ndi a CMC omwe amawagulitsa ndi dzina lakuti CMC Pro. Verbatim nayo inali ya Mitsubishi koma mu 2019 anaigulitsa kwa CMC yemweyo. Ndipo mkati mwa Verbatim momwemo muli magulu, pali olembedwa AZO pa bokosi omwe ndi abwinowo, pali a Life Series omwe ndi wamba. Munthu ukangoti ndipatseni Verbatim osayang'ana mawu aja utha kubwera ndi wambawo uli wosangalala.

Njira yodziwira wopanga weniweni ilipo ndipo siyovuta. Disiki iliyonse yosabena ili ndi kachizindikiro kobisika komwe amati media ID. Ikani disiki mu drive, tsegulani pulogalamu ngati ImgBurn, ndi yaulere, ikuonetsani. Mukaona MCC 004 kapena MCC 03RG20 ndiye kuti ndi ya utoto wa Mitsubishi, TYG03 kapena YUDEN000 ndi ya mbumba ya Taiyo Yuden, CMC MAG ndi ya CMC wamba, RITEK mwadziwa kale. Vuto lake nlakuti izi mumaziona mutagula kale, nde ine ndimati gulani kaye ochepa, muone, kenako mugule ambiri. Komanso chenjerani, mafakitale ena achinyengo ankaba chizindikiro cha Taiyo Yuden nkuika pa ma disiki awo a feki, choncho disiki yopanda dzina, yotchipa modabwitsa, koma ikunena kuti TYG, imeneyo ikayikireni.

Zoti RW iwalani. CD-RW, DVD-RW, DVD+RW anapangidwa kuti muzifufuta nkulembanso, ndi onyamulira zinthu, ndipo chinthu chomwe chingafufutike mwadala chingafufutikenso mwangozi tsiku lina mwana akusewera pa kompyuta. Za DVD-R ndi DVD+R musavutike nazo mutu, ma drive a masiku ano amawerenga zonse.

Ndiye pa 60GB yanuyo tiwerengere. CD imalowa 700MB, mungafune ma CD opitirira 80, imeneyo ndi ntchito yoti mutha kuisiyira panjira. DVD yalembedwa 4.7GB koma kompyuta imakuonetsani pafupifupi 4.38GB, mungafune 14 kapena 15. Blu-ray yobena nokha, yotchedwa BD-R, yomwe ndi mtundu wina wa disiki, imalowa 25GB, atatu akwana. Koma pa Blu-ray palinso msampha, pali HTL ndi LTH. Ya LTH imagwiritsa utoto ngati wa DVD uja, anaipanga kuti itchipe, isiyeni. Ya HTL mulibe utoto, muli tizitsulo tomwe laser imasungunula, ndiyo yoti mutenge. Kenako pali M-DISC yomwe inatuluka mu 2009 ndi kampani ya ku America ya Millenniata, iyoyo m'malo mwa utoto ili ndi gawo lolimba ngati mwala lomwe laser imachita kugoba, ndipo otsatsa amati ikhala zaka 1000. Zaka 1000 zimenezo ine ndimangoseka, ndani adzapite kukadandaula zikadzakanika? Koma mfundo yoti mulibe utoto wosuluka ndi yeniyeni ndipo ndi yomwe imandikopa. M-DISC ya DVD imafuna drive yolembedwa M-DISC kuti mubene, koma mukabena ma drive ambiri wamba amaiwerenga.

Ndikanakhala ine mayi, ndikanatere. Zonse 60GB pa ma M-DISC a Blu-ray, kapena ngati mulibe drive ya Blu-ray ndipo simukufuna kugula, pa ma DVD a AZO kapena CMC Pro a gawo limodzi, makope awiri, ndipo kope yachiwiriyo ikhale ya fakitale ina kuti gulu limodzi likakhala lolakwika lisapite ndi zonse. Kenako mawu a bambo anu aja ndi mapepala ofunika, zomwe ndi zazing'ono koma sizingapezekenso kwina kulikonse, muzibenenso pazokha pa CD-R ya golide, monga za kampani ya MAM-A. Kabeni kawiri katatu, sizikudyerani malo.

Kabenedwe nako ndi nkhani, disiki yabwino yobenedwa mwachisawawa imafa msanga kuposa ya wamba yobenedwa bwino. Musathamangitse, disiki yolembedwa 16x ibeneni pa 8x, mphindi zochepa zomwe mwapulumutsa pothamanga sizikupindulirani kanthu. Musadzaze mpaka pakamwa, chifukwa disiki imalembedwa kuyambira pakati kupita kunja ndipo m'mphepetemo ndi momwe utoto sumayala bwino, ndi momwenso zala zimagwira ndi chinyezi chimalowera, mwaona zithunzi zanga zomwe zinafa zinali za kumapeto. Pa DVD ine ndimalekeza pa 4GB. Ndipo chongani ka bokosi kolembedwa verify kuti pulogalamu ikamaliza kubena iwerengenso disiki yonse nkufananiza ndi zomwe zili mu kompyuta. Anthu ambiri amadumpha pamenepa chifukwa chotopa kudikira, nkudzazindikira patapita zaka kuti disikiyo inali yolakwika kuyambira tsiku loyamba. Ngati muli ndi mwana kapena mbale wodziwa makompyuta muuzeni akuikireni ma checksum a SHA-256 pa disiki iliyonse, ndi kafayilo kakang'ono komwe mtsogolo kadzakuuzeni ngati chithunzi chasintha olo pang'ono, komanso pali pulogalamu ya dvdisaster yomwe imapanga zokonzera disiki ikadzayamba kuwonongeka. Izi ndi zowonjezera chabe, koma verify yokhayo chonde musaisiye.

China chomwe ambiri sadziwa, pa CD mbali yoopsa si yonyezimira yomwe timaisamala ija ayi, ndi ya pamwamba polembapo. Mafayilo ali pansi pa kachikuto kopyapyala ngati vanishi, mukakanda ndi bolopeni mwakanda mafayilo enieniwo, mukayang'ana pa kuwala muona kabowo. DVD ndi yolimbako pamenepa chifukwa ndi mapulasitiki awiri a 0.6mm omatidwa, mafayilo ali pakati. Ndiye zolemba ndi bolopeni ayi, masitika ayi, guluu wake amadya disiki komanso sitika ikapendama disiki imanjenjemera pozungulira. Tengani maka yofewa yopangidwira ma CD mulembe nambala pa kabwalo koyera kapakati paja pomwe palibe mafayilo, zina zonse mulembe pa kesi. Mukafuna kupukuta, kansalu kofewa, kuchokera pakati kupita kunja, osati mozungulira.

Posunga, disiki iliyonse mu kesi yakeyake yolimba, yoimiritsa ngati mabuku, mu mdima. Tizikwama ta zipi tokhala ndi timatumba tija ndi tabwino ponyamula koma timakanda. Buku la malangizo lomwe a NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, anatulutsa mu 2003 limati malo abwino ndi a pakati pa 4 ndi 20 digiri Celsius, chinyezi cha 20 mpaka 50 peresenti. M'nyumba zambiri zimenezo sizitheka chaka chonse, nde ingosankhani chipinda chozizirirapo ndi chouma kuposa zonse, kutali ndi zenera, kutali ndi bafa ndi kophikira, osati m'galimoto.

Pali chinthu chimodzi chomwe simunafunse koma chikundidetsa nkhawa kuposa utoto. Disiki itha kukhala zaka 30 koma chowerengera chidzapezeka? Malaputopu atsopano ambiri sabweranso ndi drive, ndipo opanga ma disiki akuchepa, Panasonic anasiya kupanga ma Blu-ray obena mu 2023, Sony nawo anasiya mu February 2025. Ndiye gulani drive ya USB yapadera muisunge limodzi ndi ma disikiwo. Komanso musafufute zomwe zili pa hard drive mukamaliza kubena, gulani ina yatsopano mukhale ndi makope atatu, pa zinthu za mitundu iwiri, kope imodzi ikakhale ku nyumba ina chifukwa moto, madzi ndi akuba sasankha kuti iyi ndi ya golide. Fulashi ndi memori kadi musaziwerengere pa makope amenewa, zimasunga ndi mphamvu ya magetsi yomwe imatha pang'onopang'ono zikakhalitsa osalumikizidwa.

Pakatha zaka ziwiri kapena zitatu zilizonse muzitulutsa ma disikiwo nkukopera zonse mu kompyuta, osangotsegula chithunzi chimodzi ayi, zonse. Yomwe yayamba kuchedwa kapena drive ikuvutika nayo, tengani kope inzake ija mubene yatsopano tsiku lomwelo. Mukagula oyesera aja nditumizireni media ID yomwe ImgBurn yaonetsa ndikuuzeni ngati mupitirize nawo, komanso mundiuze dzina la drive yomwe muli nayo tione ngati ingabene M-DISC.