Spades ya anthu awiri: bwanji lonjezo langa silikwana?

Bambo ena anditumizira imelo yodandaula. Iwo amasewera Spades ndi alamu awo awiriwiri, ndipo funso lawo ndi ili: "Ndimagwira ma K ndi ma Q ambirimbiri, n'kulonjeza kuti ndidya ka 7, koma ndimathera pa 5. Alamu anga makhadi awo amaoneka wamba, koma lonjezo amakwanitsa nthawi zonse. Kodi akundibera, kapena pali chimene sindikuchiona?"

Bambo, alamu anuwo musawaganizire zoipa. Ine ndikuona kuti inu mumawerenga makhadi 13 amene ali m'manja mwanu okha, pamene iwo amawerenganso 13 ena amene anataya.

Ndifotokozeko kaye kaseweredwe kake kuti ena asasochere. Spades inayambira ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930, n'kufala ndi asilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kawirikawiri amasewera anthu anayi. Mukakhala awiri, makhadi sagawa, aliyense amadzitolera pa mulu wa makhadi 52. Mumatenga khadi lapamwamba n'kuliona. Likakusangalatsani mumasunga, kenako lotsatira mumaliona n'kulitaya chafufumimba. Mukakana loyambalo, lachiwiri ndi lanu, kaya likhale loipa chotani. Mukasinthana choncho mpaka mulu kutha, aliyense amakhala ndi 13, ndipo 26 atayidwa. Kenako aliyense amalonjeza kuti adya kangati pa maulendo 13 oponya makhadi. Mnzanu akaponya heart, inu muyenera kuponya heart ngati muli nayo, ndipo khadi lalikulu limadya (lalikulu koposa ndi A, kenako K, Q, J, 10 mpaka 2). Ngati mulibe, mutha kudula ndi spade, yomwe imaposa mitundu ina yonse. Amene wadya ndiye amayamba kuponya ulendo wotsatira, koma kuyamba ndi spade n'koletsedwa mpaka wina atadulapo nayo, pokhapokha ngati m'manja mwatsala ma spade okhaokha.

Pali anthu ena amene khadi lachiwiri lija amangolitaya osaliona. Mugwirizane ndi alamu anu musanayambe. Kwa ine, kuliona ndiye kumakometsa masewerawa.

Tsono nayi nkhani ya ma K anu. Pomaliza kutola mumakhala mutaona makhadi 26, theka lenileni. Ena onse 26 adutsa m'maso mwa alamu anu. Tinene kuti mwagwira K ya diamond, ndipo A yake simunaionepo. Ndiye kuti anaiona ndi iwo. Ngati inawabwerera koyamba, anasunga, palibe munthu wotaya A. Ngati inabwera kachiwiri iwo atakana khadi loyamba, ndi yawonso. Njira yokhayo imene A imeneyo ingakhale itatayidwa ndi yakuti inabwera kachiwiri iwo atasunga kale lina. Choncho nthawi zambiri A imene simunaione ili m'manja mwawo, ikudikira K yanuyo. Koma ngati A munaitaya nokha, mtima ukuwawa, K yanu ndiye mfumu ya mtunduwo ndipo muiwerengere ndithu. Khadi lomwelo, mtengo wosiyana, malinga n'zimene mukukumbukira.

Sindikunena kuti muloweze makhadi onse 13 otayidwa. Ma 2 ndi ma 4 a club asiyeni apite. Sungani m'mutu ma A, ma K ndi spade iliyonse imene yadutsa, basi.

Ma Q ndiwo amanamiza anthu kwambiri. Poti aliyense amasankha yekha, manja onse awiri amadzaza ndi ma spade ndi makhadi akuluakulu, ndiye mitundu inayo imakhala yochepa. Mukagwira A, K, Q za heart, m'mutu mumati apa ndadya ka 3. Koma alamu anu mwina ali ndi ma heart awiri okha, ndipo pofika pa Q adula ndi 3 ya spade. Ndikuganiza kuti izi n'zimene akuchita dala potola: amataya mtundu umodzi mpaka kutsala nawo pang'ono, n'kumatola tima spade ting'onoting'ono timene inu mumatinyoza. N'chifukwa chake makhadi awo amaoneka wamba. Mu mtundu umene si spade, werengerani khadi loyamba ndi lachiwiri. Lachitatu likadya, imeneyo ndi mphatso.

Ma spade amawerengeka bwino kuposa ena onse, chifukwa spade yanu ingagonje kwa spade yaikulu kuiposa basi, ndipo imodzi yawo imapha imodzi yanu yokha. Tiyerekeze kuti muli ndi A, J, 10, 8, 6 ndi 3, ndipo Q ndi 2 munazitaya. Zosaoneka ndi K, 9, 7, 5 ndi 4. Zinthu zitaipa kotheratu, A idya ndithu, ndipo pakati pa J ndi 10 imodzi ipulumuka poti K singaphe zonse. Kumeneko ndi kudya ka 2 kosakayikitsa. Popeza si zonse zisanuzo zimene zili m'manja mwawo nthawi zambiri, ndipo ma spade anu ndi ochuluka kuposa awo, ine ndingawerengere 3, mwina 4 ngati ndili ndi mtundu wina wochepa woti ndizidulirapo.

Tsopano masamu a mapointi, amene ndikukhulupirira kuti akusinthani maganizo. Mukakwanitsa lonjezo mumapeza 10 pa kudya kulikonse kumene munalonjeza, ndi 1 pa kulikonse kopitirira. Mukalephera amakuchotserani 10 pa kudya kulikonse kumene munalonjeza. Zopitirira zija amazitcha ma bag, ndipo zikaunjikana kufika 10 mumataya mapointi 100. Mukalonjeza 6 n'kudya ka 7, mwapeza 61 m'malo mwa 70, kuphatikiza bag imodzi yomwe idzakudyereni 10 m'tsogolo. Mwaluza 19. Koma mukalonjeza 7 n'kudya ka 6, mwabwerera m'mbuyo ndi 70 pamene mukadapeza 60. Kusiyana kwake ndi 130. Pa masewera othera pa 500, kuchita zimenezi kawiri kokha n'kupereka chipambano ndi manja awiri. Mukakayika pakati pa manambala awiri, nenani yaing'ono.

Za kulonjeza kuti simudya ngakhale kamodzi, zimene ena amapereka 100, ndingoti zisiyeni pakadali pano. Mulibe mnzanu wokuphimbani, ndipo khadi lokakamizidwa lija likangokhala A ya spade, zonse zathera pomwepo.

Pa kaponyedwe, woponya kachiwiri ndiye ali pabwino, chifukwa amaona khadi la mnzake asanasankhe lake. Ngati muli ndi A ndi Q za club, K ili kwa alamu anu, musayambe ndinu mtundu umenewo. Mukaponya A iwo aponya kakhadi kakang'ono, ndipo Q yanu idzakumana ndi K. Koma akayamba iwo, zonse ziwiri n'zanu: akaponya K mumenya ndi A, akaponya kakang'ono mudya ndi Q, A ikadali m'manja. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zina m'pofunika kuluza dala ndi khadi lopanda ntchito kuti udindo woyamba ubwerere kwa iwo.

Muziphatikizanso malonjezo onse awiri musanaponye khadi loyamba. Inu mukati 5, iwo 7, zakwana 12, ndipo patsala kudya kumodzi kopanda mwini. Inu mukadya ka 7, iwo atsala ndi 6, lonjezo lawo lagwa. Mupeza 52, iwo achotseredwa 70. Ma bag awiri amenewo musawaope, pokhapokha ngati muli kale ndi 8.