Ndege ya ku Chingodzi ikachedwa, ya ku Lisbon idikira?

Mayi wina wa ku Ulongwe wandilembera pa imelo. Mwana wake wachira ku Lisbon, ndiye akufuna akaone mdzukulu mu Novembala. Aganiza zokwera ndege pa bwalo la Chingodzi ku Tete m'mawa, afike ku Maputo masana, usiku womwewo akwere yaikulu ya ku Portugal. Funso lawo n'lakuti: “Yoyambayi ikachedwa, inayo indidikira?”

Amayi, siidikira. Ndikuuzeni mosabisa.

Zinandigwera ineyo chaka china. Tinafika pa bwalo mbandakucha, katundu n'kupimitsa, kenaka chete. Dzuwa la ku Tete linakwera, tonse tikudzikupiza ndi mapepala okwerera ndege. Pambali panga panali agogo ena atakumbatira thumba la nsomba zouma za chikowa lokulunga m'mapulasitiki atatu, akungofunsa aliyense wovala yunifomu kuti, “Mwanangu, yafika?” Tinanyamuka dzuwa litapendeka. Pomatera ku Maputo n'kuti inayo itapita kalekale, ndipo poti matikiti anga anali awiri ogula padera, ndinalipiranso ndalama zomwe ndinasunga miyezi yambiri.

Nkhani yonse yagona pa tikitipo. Mukagula ulendo wonse, kuchokera Tete mpaka Lisbon, pa tikiti imodzi ya nambala imodzi, kampani ndiyo imasenza udindo wokupezerani malo pa ndege yotsatira popanda kulipiranso. Koma matikiti akakhala awiri, kampani yachiwiriyo imangoona kuti simunabwere, basi. Choopsa china, mukaphonya ndege yopita, kawirikawiri amafafanizanso ulendo wobwerera. Ndiye amene akukugulirani tikitiyo mumufunse mawu awa: “Kodi ndi tikiti imodzi mpaka kofika?”

Kuchedwako nthawi zambiri sikuyambira pa Chingodzi. Ndege yomwe mudzakwereyo imakhala itachokera kwina, ikachedwa uko ndiye kuti yachedwetsa onse a kutsogolo. Oyendetsa nawonso ali ndi maola amene lamulo limawalola kugwira ntchito, akakwana sangapitirize. Onjezanipo nyengo. Novembala kuno kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo mpweya wotentha umapepuka moti ndege yolemedwa imavutika kunyamuka. Ndi mwezi womwewonso mvula ya mabingu imayamba.

Mwina mwana wanu wakuuzani za lamulo la ku Ulaya, nambala 261 la chaka cha 2004. Lilipodi. Pa ulendo wopitirira makilomita 3,500, munthu akafika mochedwa ndi maola atatu kapena kuposa, chipukuta misozi chimatha kufika mayuro 600, kupatula ngati chochedwetsacho chili chinthu monga nyengo yoipa. Koma pochokera kuno limagwira ndege za makampani a ku Ulaya zokha, monga TAP ya ku Portugal. Ndege ya Tete-Maputo ya tikiti yapadera mulibemo.

Mukanakhala mayi anga ondibereka, ndikanati chokani ku Ulongwe kudakali masiku awiri. Mugone ku Moatize kapena ku Matundo, poti bwalo lili tsidya lomwelo, simuwoloka Zambezi. Mawa lake mukwere ya ku Maputo, mukagone kumeneko, yaikuluyo mudzakwere tsiku linalo mtima uli m'malo. Ndalama ya chipinda ndi yochepa poyerekeza ndi tikiti yatsopano. Walira mvula walira matope, ulendo wautali umafuna kuupatsa mpata.

Ena a kwanuko ku Angónia amadzera pa malire a Calómue kukakwerera ku Lilongwe, popeza ndi pafupi kusiyana ndi Tete. Mufunsenso mtengo wa njira imeneyo.

Mankhwala anu, pasipoti, chaja cha foni, chitenje ndi malaya amodzi osinthira zikhale m'kachikwama ka m'manja, osati m'sutikesi. Ndege ikachedwa mupite pa kauntala mupemphe kalata yosonyeza kuchedwako, ndipo malisiti a chakudya ndi pogona musataye. Nambala ya mwana wanu muilembenso pa pepala, foni imatha moto.

Mukafika mundilembere, ndimve ngati mdzukuluyo wafanana ndi agogo ake.