Funsani Makaniko: kapaipi ka geji ya oyilo kakudontha pa MGB yanga

FUNSO

Zikomo a Makaniko. Ndili ndi galimoto ya MGB ya 1966 yomwe bambo anga anandisiyira, ndimaikonda kwambiri moti ndimangoitulutsa mwa apo ndi apo. Ndiye sabata yatha ndikubwerera kunyumba ndinangoona nsapato yanga ili noninoni, kuyang'ana pa kapeti pali oyilo, kusuzumira kunsi kwa dashibodi ndikupeza akudontha kuchokera kuseri kwa geji ya oyilo ija. Ndinamanga nati yake ndi sipanala, zinasiya tsiku limodzi basi kenako zayambiranso, ndipo pano ngakhale ku injini komwe kapaipiko kamayambira kukuoneka konyowa. Mnzanga akuti ndingokulunga tepi ndikumata guluu. Kodi zingatheke? Geji ikuwerengabe bwinobwino, 60 psi (muyeso wa pulesha) ndikamathamanga.

Wowerenga wanu

YANKHO

Achimwene, choyamba galimotoyo muiimike kaye, musayendenso nayo mpaka mutakonza. Za tepi ndi guluuzo ayi ndithu, musayese n'komwe. Kapaipi kameneko mukukaona kuchepa ngati kaudzu koma mkati mwake muli pulesha yonse ya injini, 60 psi yomwe mukuwerenga pa gejiyo ndi yomweyo ikukankha pamalo podonthapo. Geji ya galimoto zakalezi siyamagetsi ayi, oyilo weniweni amachoka mu injini kudutsa mu kapaipi mpaka kuseri kwa dashibodi, kukalowa mu kachubu kopindika kamene kamawongoka pang'ono pulesha ikakwera ndikukankha kamuvi. Nzeru imeneyi ndi ya Eugène Bourdon wa ku France, ya mu 1849, ndipo mpaka lero imagwira ntchito bwino kwambiri. Vuto ndi loti kapaipiko kakaphulika muli pamsewu, pampu imangopopera oyilo panja kapena pamiyendo panu ali wotentha, ndipo injini ya MGB oyilo wake safika ndi malita 5 omwe. Mphindi zochepa chabe sampu yauma, mabeyaring'i apita, injini yanoka. Ine ndinaonapo injini yabwinobwino itafa chonchi chifukwa cha kapaipi komwe mwini wake ankangoti tidzakonza mawa, ndipo zimandipweteka mtima mpaka pano.

Ndiye tiyambe ndi kuseri kwa geji. Musanalowetse dzanja kapena sipanala kumeneko chotsani kaye batire, kuli mawaya amoto ambirimbiri. Yanuyo ili ndi mabatire awiri a 6 volts kumbuyo kwa mipando, ndipo ngati sinasinthidwe ndi ya positive earth, kutanthauza kuti waya wa positive ndi amene amapita ku bodi, ndiye onetsetsani bwino waya amene wapita ku bodi ndipo muyambe kuchotsa ameneyo. Geji za kampani ya Smiths zomwe zimakhala mu galimoto za ku Britain zimenezi sizitseka ndi mazinga ayi, zimatseka ndi kawasha kakang'onong'ono kachikopa kapena ka faiba komwe kamakhala pakati pa nsonga ya paipi ndi geji. Pakapita zaka kamauma, kamaphwatalala mwinanso kung'ambika, ndiye inu mutamanga nati munangokafinya kotsiriza, n'chifukwa chake zinasiya tsiku limodzi. Masulani, katulutseni ndi kasingano, muone. Nthawi zambiri mupeza kali ngati kachipande ka pepala lakupsa. Ikani katsopano, mangani ndi zala mpaka italimba, kenako sipanala pang'ono pokha. Mukakakamiza mupotoza zamkati mwa geji, ndiye ntchito ina imeneyo.

Chinthu china chomwe anthu ambiri amalakwitsa pa MGB: geji imeneyo ndi ya pawiri, theka oyilo theka kutentha kwa madzi. Ndiye kuseri kwake kukutuluka timapaipi tiwiri. Ka madzi kaja, kokulungidwa ndi waya ngati sipuling'i, nkotsekedwa ku fakitale ndipo muli mankhwala mkati, sikamasulidwa, sikadulidwa, sikapindidwa mwamphamvu. Mukangokathyola mbali ya madziyo yafa basi. Gwirani ka oyilo kokha.

Tsopano ku injini. Pamenepo pali kapaipi kofewa kochokera pa buloko kupita pa kajoini, kenako kachitsulo kopita ku geji. Kofewako anakaika dala chifukwa injini imagwedezeka pomwe bodi ili chiimire. Tsukani malo onsewo ndi mankhwala otsukira mabuleki, pukutani pakhale gwaa, mukulunge kapepala koyera pa joini iliyonse ndiye mulize injini kwa masekondi ochepa wina akuyang'ana ndi tochi. Oyilo amanamiza, amayenda motsatira paipi ndikukadonthera kwina, ndiye pomwe kapepala kayambe kuda ndi pomwe pali vuto. Koma kunena zoona, ngati kofewako ndi kakalekale musataye nthawi, sinthani konse. Labala wamkati amaola ngakhale kunja waya wolukidwa uja akuonekabe wonyezimira, simungadziwe ndi maso.

Pomasula ndi pomanga gwiritsani masipanala awiri, ina igwire joini ina izungulize nati, apo ayi mupotokola paipi.

Nkhani ya mazinga ndiyomwe ndikufuna muimvetse, chifukwa apa ndi pomwe anthu amawononga buloko. Pali mitundu iwiri yofanana kwambiri, 1/8 BSP ya ku Britain ndi 1/8 NPT ya ku America. BSP ili ndi mazinga 28 pa inchi, NPT ili ndi 27. Chiwerengero cha mazinga chikusiyana ndi limodzi lokha, ndiye imalowa bwinobwino maulendo awiri atatu kenako yayamba kulimba, munthu n'kumati yakhala, kukakamiza ndi sipanala, mazinga kudyeka, kudontha osatha. Geji za Smiths zimayendera BSP pomwe makiti ambiri otchipa a mageji ogula padera amabwera ndi NPT. Tengani cholumikizira chakale chija mukafananitse ndi chatsopano musanagule, ndipo ngati sichikulowa ndi zala musachikakamize. Tepi yoyera ija ya PTFE ndi ya mazinga osongoka okha, ndipo musiye mazinga awiri oyamba opanda kanthu kuti tizidutswa tisalowe munjira ya oyilo. Pa joini ya washa kapena ya olivi (kamphete koluma paipi) tepi ilibe ntchito.

Kwa ena amene galimoto zanu zili ndi kapaipi ka nailoni koyera kaja, kamauma ndi kutentha ndikuthyoka ngati kamtengo, makamaka kakadutsa pafupi ndi ekizosi. Ngati kakadali kofewa mutha kudula nsonga ndi lezala mowongoka bwino ndikuika olivi yatsopano, kamphete kaja kamene kamaluma paipi nati ikamangidwa. Yakale siibwezedwa, inaluma kale. Ka kopa nkolimba koma nako kakamagwedezeka kamauma ndikung'aluka pafupi ndi nati, n'chifukwa chake timakapinda malupu awiri atatu pakati pa injini ndi bodi kuti kazitha kupuma. Ine ndimakonda kuika kofewa kolukidwa ndi waya mbali ya injini, mtima umakhala m'malo. Ndipo pabowo pomwe paipi ikudutsa kulowa mkati pakhale labala, chitsulo chimacheka pang'onopang'ono osadziwa.

Mukamaliza onani oyilo pa dipisitiki, onjezerani amene anatayika, bwezerani batire ndikuliza. Kamuvi kangachedwe pang'ono kukwera chifukwa mu paipi yatsopano muli mpweya, musadandaule, mpweyawo umakankha geji chimodzimodzi. Koma pakadutsa masekondi angapo kali pa ziro zimitsani msanga mufufuze. Isiyeni itenthe bwino, pondani mafuta pang'ono, gwirani joini iliyonse ndi kansalu koyera, mawa lake muonenso. Ikatentha iziwerenga pakati pa 50 ndi 80 psi mukamayenda, ndiye 60 yanuyo ikusonyeza kuti injini ya bambo anuyo ikadali ndi moyo.

Musungenso kapulagi ka mazinga oyenera ndi sipanala yake mu galimotomo, kuti paipi ikadzakuvutani kutali mungotseka pa buloko ndikufika kunyumba pang'onopang'ono popanda geji. Kapetiyo muichotse muitsuke ndi sopo, komanso mupukute malabala a mapedulo, oyilo pa buleki amatereretsa phazi.